Juki ikudumpha msoko, mayunifomu 21 atsala, sukulu zitsegula Lolemba

Amake Mphatso (Mchini): Anzanga thandizeni msanga chonde. Juki yanga ya straight (makina osokera a magetsi, a industrial) ikudumpha msoko kuyambira dzulo. Imasoka bwino pang'ono kenako yadumpha, makamaka pokwera pa msoko wa kabudula pamene nsalu zapindana. Singano ndasintha kawiri, ya mtundu wa DB, saizi 16. Ulusi ndaika wina, bobini ndakulunga ina, tension ndamanga ndamasula, palibe chosintha. Chimene chinayambitsa ndikuchidziwa. Ndinatuluka kukaphula ndiwo, pobwera ndapeza Mphatso wakwera pampando akupukusa wilo, phini ili pansi pa footi, singano yathyoka. Ali ndi zaka 2 ndi miyezi 7. Oda ndi ya mayunifomu 34, ndamaliza 13 okha. Makolo analipira theka ndipo ndalamayo inathera pa nsalu ku Down Shops. Malaiti kuno akubwera usiku, ndiye nthawi yanga ndi yomweyo mwana akagona. Makanika amene ndimamudalira ali kumaliro ku Lundazi. Timing (kukumana kwa singano ndi huku, kachitsulo kokola ulusi pansi pa pleti) ndingaikonze ndekha?

A Tembo (Kapata): Amake Mphatso, ine ndinanena kale muno. Nyumba si shopu. Industrial saiika pamene pakukwawa mwana. Pezani khonde kumsika, muzitseka 17 koloko n'kupita kwanu. Ine ndakhala pakhonde kuyambira 1998, palibe mwana anagwirapo wilo yanga.

Anaphiri (Katete): Mwana wanga, za makina ziyambe zaima. Nsonga ya singano yothyokayo mwaipeza? Zidutswa zonse ziwiri muli nazo m'manja? Ine mdzukulu wanga anaponda kansonga kotere, sitinadziwe, mpaka phazi linatupa patapita masiku anayi. Anakachita kung'amba kuchipatala. Tengani maginito, ngakhale ya sipika yakale, muyendetse pansi ponse, pamphasa, ndi m'nsalu zimene zinali pamakina. Kabudula ameneyo akavala mwana wa eni ake.

Amake Mphatso: Amama, ndapeza chakumtunda chokha. M'kamwa mwake ndinayang'ana, akudya bwino, sakulira. Ndifunanso ndi maginito.

Anaphiri: Funaninso m'thireyi ya mafuta pansi pa mutu wa makina, nthawi zambiri imagwera mmenemo. Koma mukaisowa ndipo mwana ayamba kutsokomola, kusanza kapena kudandaula m'mimba, musadikire kuti kuche, thamangani naye kuchipatala. Mayunifomu adikira.

A Daka (Petauke): Musanagwire sikulu iliyonse, onani zosavuta kaye. Singano ya DB ndi yozungulira kumutu, ilibe mbali yaphwatalala ngati ya makina opalasa a Butterfly, ndiye munthu ukamafulumira umaiika mokhota osadziwa. Mzere wautali uyang'ane kumanzere, kokumbika kuyang'ane kumanja kumene kuli huku, ulusi ulowe kuchokera kumanzere. Ikankheni mpaka igunde kumwamba musanamange. Zikakanabe, chotsani pleti ndi mano, muyendetse chikhadabo pansonga ya huku. Ngati chikukodwa, huku yalumidwa ndi phini ija, ndipo timing yokha siithandiza.

Ngati nsonga ili bwino, pukusani wilo mpaka singano ifike pansi penipeni, kenako ikwere pang'ono, mamilimita awiri kapena kuchepera, pa mzere wachiwiri wa pa needle bar (chitsulo chogwira singano). Pamenepo nsonga ya huku iyenera kukhala pakati pa singano, pamwamba pang'ono pa diso, pafupi kwambiri koma osakhudza. Ngati yafika mochedwa kapena yatalikira, ndiye vuto lanu.

Koma ndikuchenjezeni. Masikulu a huku musamasule onse n'kuchotsa. Masulani pang'ono kuti izingotembenuka ndi chala. Jambulani ndi foni musanayambe. Mukamanga, pukusani ndi dzanja kakhumi musanayatse mota. Ndinalandirapo makina a mayi wina wa ku Sinda amene anakonza yekha usiku ndi tochi ya foni, anamanga huku ikugunda singano, atangoponda anaswa huku ndi bobbin case yomwe. Ntchito ya mphindi 20 inasanduka yodikira sipeya sabata yathunthu.

A Tembo: Mwaona? Sabata yathunthu. Pakhonde mnzako wapafupi amakubwereka makina, makanika amadutsa tsiku lililonse. Kunyumba uli wekha ndi mwana.

Amake Chikondi (Navutika): A Tembo, inu mukamapita kukhonde ana anu amatsala ndi ndani? Amatsala ndi amayi awo. Ife tiwasiyire ndani? Lendi ya khonde, njinga yopita ndi kubwera, kuphatikiza wolera mwana, yunifomu imodzi itsala ndi zingati? Ine ndinayesa miyezi itatu mu 2022, chaka chimene maphunziro aulere anayamba ndipo maoda a yunifomu anachuluka. Ndinali kusoka ndi mwana kumsana, dzuwa, fumbi, chifuwa sichinkamuchoka. Ndinabwerera kunyumba ndipo sindidandaula.

Amake Mphatso, chimene chandiopsa ine si huku ayi. Mota yanu ndi ya clutch? Ija mukaizimitsa imakhala ikuzungulirabe mkati kwa kanthawi. Wanga anaponda chopondera ine nditazimitsa kale, makina anathamanga, chala changa chinali pafupi ndi singano. Kuyambira tsikulo ndikazimitsa ndimaponda mpaka iferetu, ndiye ndinyamuke. Ndipo malaiti akapita muzizimitsa switch ndi kuzula pulagi, chifukwa amabwera osalonjera, inu muli kubafa, mwana ali pansi pa tebulo.

Amake Mphatso: Ndi ya clutch. Izi sindinkaziganiza n'komwe. A Daka, singano ili bwino, ndaonanso. Pansonga ya huku chikhadabo chikukodwa pang'ono. Ndiye kuti yatha?

A Daka: Ngati ndi pang'ono, ena amasalaza ndi sandpaper yosalala kwambiri, mopepuka, osasintha maonekedwe a nsonga. Mukadya kwambiri ndiye mwaipha. Ine sindingakuuzeni kuti chitani ndisanaione ndi maso. Tumizani chithunzi chowala bwino.

Anabanda (Chadiza): Nkhani ya ana ndi ntchito yathuyi ine imandiwawa. Wanga wachiwiri ali ndi chipsera pamkono mpaka lero, nsimbi yamakala. Ndinaiika pansi kuti ndipinde kolala, kamphindi kamodzi. Panopa ali Grade 6 koma ndikachiona mtima umandipweteka. Nsimbi ikhale pamwamba nthawi zonse. Mafuta a makina musasunge m'botolo la chakumwa, amaoneka ngati madzi. Mabatani, maphini, lezala, sizasi, zonse m'chitini chotseka, pamwamba pa kabati. Ndipo tileke kuluma maphini pakamwa, ana amatengera zimene akuona.

Ine ndinagawa ntchito motere: kudula ndi kusita ndimachita mwana akagona, chifukwa ndi pamene pali sizasi ndi moto. Masana akakhala maso ndimachita za m'manja, mabatani ndi mipendero, nditakhala naye pamphasa. Sizithamanga koma zimayenda.

A Tembo: Zipsera, singano m'phazi, mota. Nonse mukunena zimene ndikunena ine, kungoti simufuna kuvomera. Khonde.

Amake Chikondi: Atate, tamva. Munthu akufuna makina asoke usiku uno, khonde alipeza kuti pofika Lolemba?

Anazulu (Magazine): Asisi, ine ndili ndi Butterfly yopalasa ili chabe, ndinasiya kuigwiritsa nditagula industrial ndi ndalama ya chilimba. Lamba wake ndi wotha koma amagwira. Tumani wa njinga mawa m'mawa adzatenge mutu, tebulo tiona. Madiresi ndi mashati isoka bwinobwino, ndipo siidikira malaiti. Makabudula okhawo muzipita nayo pang'onopang'ono pokwera. Singano zake ndi zina, za HA, musaikemo DB. Koma nayonso muzichotsa lamba mukanyamuka, ana amakonda chopondera chija kuposa chidole, ndipo wilo yapansi imapana zala.

China, aimbireni makolo lero lomwe. Muwauze zoona, kuti aliyense alandira imodzi yoyambira Lolemba, yachiwiri mkati mwa sabata. Kasitomala amakwiya kwambiri akamva Lamlungu madzulo. Ine ndinabisa chaka china, mayi wina anabwera kudzandilalatira pakhomo ana anga akumva, ndipo makasitomala atatu a mumzere wathu sanabwerenso.

Anaphiri: Zoona zimenezo. Ndiponso dipoziti isamathere yonse pa nsalu. Muzisiyako kangachepe ka singano, huku ndi makanika. January ndi mwezi umene makina amafa, chifukwa timawathamangitsa osawapumitsa. Amake Mphatso, kansonga kaja?

Anabanda: Anazulu, industrial yanuyo munaika mota ya servo? Ndikumva kuti siidya malaiti kwambiri ndipo ukazimitsa yaima pomwepo. Ndikufuna kusintha isanafike Nc'wala, maoda a malaya a chitenje ayamba kale kubwera.

Anazulu: Ndikadali pa clutch. A Daka ndiwo angadziwe ngati ikwana patebulo lakale popanda kuboola mabowo ena.

A Daka: Zambiri zimakwana pamabowo omwewo, koma lamba nthawi zina amafuna wina. Yezani kaye wakaleyo musanagule. Chithunzi cha huku chija sindinachilandire.

A Tembo: Pali khonde lina likutsala mwezi ukatha pafupi ndi ine, mwini wake akusamukira ku Katete. Wofuna anene.