Ndithandizeni abale, ndayambana ndi chibwenzi changa chomwe ndi dokotala

Abale ndithandizeni maganizo, mutu wanga sukuyenda. Ndili pachibwenzi ndi dokotala wa pachipatala cha m'tauni yathu, tauni yake yaing'ono yoti ukayetsemula m'mawa pofika masana aliyense wamva kuti uli ndi chimfine. Tatha chaka ndi miyezi 4 popanda vuto.

Nde sabata yatha mnzanga wina anandiuza kuti waona galimoto yake itaima pakhomo pa mayi wina wake cha m'ma 11 koloko usiku, kawiri konse. Nditamufunsa anangovula magalasi nkumapukuta ndi malaya, kenako akuti "za odwala anga sindingakambe, olo kwa iweyo". Ine kupsa mtima ndinaponya makiyi a nyumba yake patebulo nkutuluka, mpaka lero sitikuyankhulana, akaimba foni ndimangoiyang'ana.

Za chinsinsi cha wodwala ndikudziwa, akaulula akhoza kulandidwa chiphaso, komanso ntchito yawo amadzutsidwa nthawi ina iliyonse. Koma bwanji wodwalayo osapita kuchipatala? Chikundiwawa kwambiri nchoti mayiyo dzulo anandipatsa moni akumwetulira ngati palibe kanthu, pomwe anthu ayamba kale kunena kuti ndalandidwa mwamuna, ena mpaka akuti pali mimba. Manesi nawo akandiona amangonong'onezana (mwina ndikungoganiza ndekha, kaya).

Inu amene muli pabanja kapena pachibwenzi ndi madokotala, zimachitikadi kuyendera wodwala kunyumba usiku chonchi? Ndipepese ndine kapena ndidikire ayambe yekha? Nanga ndingamufunse bwanji osaoneka ngati ndikufuna andiululire matenda a munthu?