Residency ku Joni, zinthu ndinyamule kuno kapena ndikatole komweko?

loko_wakufa:
Anzanga ndigawireni nzeru. Andisankha kukapanga residency ku Joni, kukakhala kumeneko kwa kanthawi ndikupanga zaluso, atipatsa studio ndi kandalama ka zipangizo ndiye pomaliza kudzakhala open studio yoti anthu adzaone zomwe tapanga. Ine ntchito yanga ndi yolumikiza zotola, maloko akufa, makiyi, zivindikiro za mabotolo, timalata ta koloboyi, zidutswa za chitenje, zonse pa thabwa limodzi. Pakhomo pano pali matumba odzadza zomwe ndakhala ndikutola mu Ndirande, kodi ndinyamule kapena ndipite chimanjamanja? Komanso guluu wanga akumamatuka kukatentha, enanu mumamata ndi chani?

mbaula_art:
Zisiyeni achimwene, mungotengako tochepa tokwana mthumba la jekete. Anthu aja akuitanani kuti mukaone Joni ndi maso anu osati mukapitilize za ku Ndirande mu studio ya eni. Taonani Gonçalo Mabunda wa ku Maputo, mipando yake amawotcherera ndi mfuti ndi zipolopolo zotsala pa nkhondo ya pachiweniweni ya ku Mozambique ija inatha 1992, munthu ukangoona sufunsanso kuti zachokera dziko liti. Moffat Takadiwa ku Mbare mu Harare amagwiritsa mabatani a kiyibodi ndi miswachi yakutha ndipo 2024 anali mgulu loimira Zimbabwe ku Venice Biennale, chionetsero chachikulu cha zaluso ku Italy. Chinthu chotola chimalankhula za malo omwe wachitola, basi.

mlongo_wa_ku_jozi:
Zoona koma mudziwiretu kuti kuno zinyalala zili ndi eni ake kkkk. Tsiku lotulutsa ma bin anyamata a matrolley amakhala adutsa kale kusanache, zitsulo mapulasitiki makatoni zonse amakagulitsa pa kilo ku scrap yard, ndi pomwe amadyera ndiye mukamapita inu ndi thumba lanu kumakapisa mmabin a mdera lawo muyambana nawo. Apatseni moni, auzeni zomwe mukufuna, muwagule, mawa lake adzakusungirani okha zinthu zoti simukanaziona nkomwe. China, waya wa kopa musatole pamsewu olo wina akugulitseni motchipa. Kuno nkhani yakuba ma cable ndi yayikulu ndipo mlendo kupezeka ndi kopa wopanda risiti simungalongosole. Kagureni ku hardware risitiyo musunge.

pulayazi265:
Za guluuzo, super glue pa chitsulo chadzimbiri ndikutaya ndalama. Palani dzimbiri ndi burashi ya waya kaye kenako epoxy, guluu wosakaniza ziwiri uja, kumeneko wa kampani ya Pratley ali mu hardware iliyonse. Koma ine ndimati boolani mumange ndi waya, monga tinkapangira magalimoto a mawaya tili ana. El Anatsui, wa ku Ghana uja wakhala zaka zambiri ku Nsukka ku Nigeria, zivindikiro za mabotolo a mowa amaziphwatalala nkuzisoka ndi waya wa kopa, chinthu chodzadza khoma lonse koma chimapindika nkulowa mbokosi. Muganizire zimenezo musanakhome thabwa lalikulu, pobwerera pa Beitbridge ndi pa Mwanza mudzalinyamula bwanji?

Pa zitenje pokha ndikutsutsana ndi a mbaula_art, nyamulani, sizilemera ndipo pambali pa zitsulo za ku Joni zikaoneka bwino.

loko_wakufa:
Zikomo nonse, zitenje ndi makiyi ndinyamula, maloko atsale. Asisi a ku Jozi, drill yaing'ono ya second hand ndingakaipeze mbali iti?