Gasi wowotcherera ndingampeze bwanji motsika mtengo kuno ku Chigwa?

Akuluakulu, ndithandizeni nzeru. Ndimakhala ku Ngabu ndipo kuwotcherera si ntchito imene ndimadyera, ndimangokukonda basi. Loweruka ndikapeza mpata ndimakonza mafelemu a njinga zakabaza, ngolo za abale, nthawi zina mageti a khola. Makina amagetsi ndili nawo, koma amaboola zitsulo zopyapyala, komanso magetsi akathima ntchito yaima. N'chifukwa chake ndikufuna okosijeni ndi acetylene.

Vuto ndi lakuti gasiyu amachokera ku Blantyre, ndipo masilinda akuluakulu nthawi zambiri amabwereketsa, umalipira lendi ngakhale silinda ili chigonere m'nyumba. Kwa ine wogwiritsa ntchito mwa apo ndi apo, zimenezo sizingatheke. Kodi a Afrox, kampani yogulitsa gasiyu, kapena ena amalola munthu kugula kasilinda kakang'ono kukhala kakekake, n'kumangosinthitsa kakatha? Nanga alipo amene amasinthitsa ku Nchalo kapena pa Dyeratu, kuti ndisamakwere chitunda cha Thabwa?

Anzanga ena akuti ndingogwiritsa ntchito gasi wophikira pamodzi ndi okosijeni. Podula chitsulo ndi pomata ndi mkuwa amagwiradi, koma polumikiza chitsulo kwa chitsulo msoko wake sulimba. Inu amene munayesapo, kodi wamkuwayo amapirira panjinga yonyamula matumba a chimanga?

Chomwe chikundidetsa nkhawa kwambiri ndi kutentha. Mu Okutobala kuno kumapitirira madigiri 40, ndipo chisakasa changa ndi chamalata. Silinda ya acetylene imafuna kuimirira nthawi zonse komanso kukhala pamthunzi. Mumaisunga pati, ndipo mumainyamula bwanji poti paminibasi sizoyenera?