Ndigule red-belly kapena rhombeus yakuda ija?

Kadzidzi88: Akuluakulu, ndili ndi thanki ya malita 250 yomwe yangokhala chifere ma goldfish anga. Mtima uli pa piranha, nsomba za mano akuthwa zija. Wogulitsa ali ndi mitundu iwiri: red-belly zing'onozing'ono komanso rhombeus imodzi ya maso ofiira. Koma rhombeus imodziyo mtengo wake ndi wa red-belly khumi. Ndiboole m'thumba kapena ndingotenga zofiira pamimbazo?

Anandipusitsa: Musanatulutse ndalama muyang'ane kaye kukamwa kwake achimwene. Ine anandigulitsa ziwiri amvekere ndi red-belly zenizeni, kuyang'ana pamimba psuu. Miyezi ikupita nsomba zikungonenepa, ukali osaoneka, ndikaponya chipatso zikulimbirana. Tsiku lina ndinaona mano ake, ophwatalala ngati a munthu. Inali pacu! Nsomba imeneyi, Piaractus brachypomus, ikakhala yaing'ono simungaisiyanitse ndi red-belly, koma imakula kupitirira masentimita 80. Nditabwerera kwa mkulu uja akuti inunso simunafunse bwino. Mpaka lero zikungondithera chakudya, woti ndimupatse palibe. Piranha yeniyeni chibwano chapansi chimatulukira kutsogolo ndipo mano ake ndi osongoka.

BwanaPiraya: Zonsezo ndi za ana. Ine ndimasunga Pygocentrus piraya za mumtsinje wa São Francisco ku Brazil, zimafika masentimita 50. Zanga zilipo zinayi m'thanki ya malita 1,200. Mtengo sindinena, ena mungakomoke.

Chimutu: Chaka chatha thanki yomweyo munkati ndi ya malita 800 bwana. Ikukula limodzi ndi nsombazo?

MayiWaMaGuppy: Bwanji osangogula silver dollar? Ndi pachibale ndi piranha, maonekedwe ofananako, zotchipa, ndipo chala chanu chikhala chilipo. Vuto ndi loti zimadya zomera zonse za m'thanki, basi.

Chimutu: Munthu akufuna mkango inu mukumupatsa mbuzi, mayi.

MadalaWaFyuluta: Palibe wayankha funso. Malita 250 sakukwana pa zonse ziwirizo. Red-belly, Pygocentrus nattereri, imafika masentimita 30 ndipo imafuna gulu, zisanu kupita m'tsogolo. Mukaika ziwiri kapena zitatu, yamphamvu imazunza inzake mpaka tsiku lina mudzadzuka mutapeza mutu wokha. Gulu lotere yambirani malita 500, fyuluta yamphamvu, ndi kusintha madzi sabata iliyonse chifukwa zimadetsa koopsa. Madzi azikhala pa madigiri 24 mpaka 28, ndiye hita sizima.

Chinanso chomwe ogulitsa sanena: red-belly ndi zamantha. Mukangodutsa pafupi zimathawira kuseri kwa chitsa, mukayatsa getsi mwadzidzidzi zimadziwombetsa pagalasi. Amene amayembekeza zam'mafilimu amatopa nazo pa miyezi itatu, pomwe nsombayo imakhala zaka zoposa 10.

Rhombeus imakhala yokha. Chilichonse mungaikemo ndi ndiwo. Imakula pang'onopang'ono, ndiye ingayambire m'thanki yanuyo ikadali yaing'ono, koma kutsogolo ipitirira masentimita 35 ndipo mudzagulabe ina.

Fodya_Wamkulu: Mtengo wa khumi? Akukuberani aise. Yanga ndinagula pamtengo wa red-belly zitatu.

MadalaWaFyuluta: Yanuyo kanali kamwana kotalika ngati chala. Pamsinkhu umenewo mitundu ya Serrasalmus, gulu lomwe muli rhombeus, imafanana yonse, mwina si rhombeus n'komwe. Zazikulu zimadula chifukwa zambiri amachita kukagwira kumitsinje ya ku South America, pomwe red-belly zimaswana m'mathanki.

Fodya_Wamkulu: Ndi rhombeus. Inadula ukonde wanga kawiri.

Anandipusitsa: Inenso ndinkalumbira choncho.

BwanaPiraya: Ngati piraya yakukulirani tengani cariba ya ku Orinoco, ija ya banga lakuda kuseri kwa mutu. Siibisala ngati red-belly. Zanga zoyamba ndinkazidyetsa goldfish zamoyo, alendo ankachita kuimirira.

MayiWaMaGuppy: Nkhanza zokhazokha. Ndiponso goldfish ili ndi thiaminase yomwe imawononga vitamini B1 m'thupi la nsomba yoidyayo, osanenanso za matenda omwe imabwera nawo. Mnofu wa nsomba yoyera ndi shrimp n'zokwanira.

Chimutu: Mufufuzenso malamulo a komwe muli. Ku California, Florida ndi Texas piranha n'zoletsedwa, amaopa anthu otopa nazo omwe amakazitaya m'mitsinje.

Kadzidzi88: Ndiye mukuti chiyani kwenikweni? Thanki ina sindingakwanitse panopa, ndipo mayi akunyumba amva za mutu wokha uja akuti m'nyumba muno ayi.

MayiWaMaGuppy: Silver dollar.

Fodya_Wamkulu: Rhombeus, koma mumunenerere achotseko theka.

Anandipusitsa: Pacu ziwiri ndikupatsani ulere achimwene. Mubwere ndi chidebe chachikulu.