Tigule kalavani ya pa park kapena tipitirize lendi? Thandizeni odziwa malamulo a ku England

Membala wobisa dzina:
Akuluakulu, ndabisa dzina chifukwa azilamu anga ali m'gulu momuno. Ine ndi amuna anga tili ku Lincolnshire, tonse timasamalira okalamba, ndipo tili ndi mwana mmodzi wa ku pulayimale. Lendi yatifika pakhosi. Tikachotsa ya nyumba, council tax (msonkho wa nyumba wolipira ku khonsolo), magetsi ndi zotumiza kumudzi, mwezi umatha opanda choika pambali.

Mnzathu wa kuntchito anatitengera ku park ina cha ku Skegness komwe amagulitsa makalavani akuluakulu osayenda aja, a zipinda ziwiri, khitchini ndi bafa momwemo. Yomwe tinaikonda akuti £19,000, ndipo malo omwe yaimapo tizilipira pa chaka. Wogulitsa anati park yawo imatsegula miyezi 12, ndiye titha kukhalamo chaka chonse, anthu ambiri amatero. Tinapereka £500 kuti atisungire, koma sitinasaine kalikonse.

Chomwe chandisowetsa tulo ndi fomu yomwe atitumizira. Ikufuna adiresi ya nyumba yomwe timakhala, pamodzi ndi bilu ya council tax ya kumeneko. Nditafunsa, anati tingolemba ya m'bale. Nanga ngati kalavaniyo ndi yathu ndipo tizikhala momwemo, adiresi inayo ndi ya chiyani? Kodi mwini malo angatichotse tsiku lililonse? Angakweze ndalama ya malo mmene wafunira? Amuna anga akuti ndikuopa chabe, tisaine Loweruka.

Mayi wa ku Leicester:
Achemwali, Loweruka musasaine. Fomu imeneyo yakuuzani kale zoona zomwe wogulitsa sakufuna kunena ndi pakamwa. Ku England ma park alipo a mitundu iwiri, ndipo chowasiyanitsa ndi layisensi yomwe khonsolo inapereka kwa mwini malo. Ina ndi ya residential, yololedwa kuti anthu azikhalapo ngati kwawo. Ina ndi ya holiday, ya opita kukapuma. Park ya holiday itha kutsegula miyezi 12, koma izi zimangotanthauza kuti mutha kupitako mwezi uliwonse womwe mwafuna. Kuisandutsa mudzi wanu ayi. N'chifukwa chake akufuna umboni woti muli ndi kwina kokhala.

Lamulo lomwe limateteza anthu a m'nyumba zimenezi ndi Mobile Homes Act ya 1983, yomwe anaiwonjezera mphamvu mu 2013. Limateteza munthu amene nyumbayo ndi yake, amakhala momwemo ngati nyumba yake yeniyeni, komanso pamalo a layisensi ya residential. Chikasowa chimodzi mwa zimenezi, lamulolo silikukudziwani. Pa holiday park mumangotsala ndi kontrakiti yomwe mwasaina, ndipo kontrakiti imeneyo imakhala italemba kale kuti kukhalamo ngati kwanu ndi kuphwanya pangano. Mukalemba adiresi ya m'bale, bodza likhala ndi siginecha yanu, wogulitsa uja ali phee kumbali.

Imbani ku khonsolo ya dera limenelo, mufunse ofesi yoona za layisensi ya malo a makalavani. Amasunga kaundula yemwe aliyense ali ndi ufulu womuona.

Achimwene a ku Hull:
Koma tisaopsezane kwambiri amayi. Ndikudziwa anyamata ogwira ntchito m'mafakitale omwe akhala pa holiday park zaka ndithu, palibe anawagogodera. Eni malo amafuna ndalama basi. Ndi lendi ya masiku ano, £19,000 imabwerera msanga.

Mayi wa ku Leicester:
Achimwene, anyamatawo akukhala mwa chifundo cha mwini malo. Tsiku lomwe khonsolo idzayendere park, kapena mwini adzaigulitse kwa kampani ina, kapena mudzangokangana naye pa bilu ya madzi, kalata imabwera. Ndiye kumbukirani kuti ambirife mapepala athu salola thandizo la boma. Mzungu akachotsedwa apita ku khonsolo kukapempha pogona. Wa viza ya ntchito, mwana ali kumsana, apita kuti mu January?

Bambo wa ku Peterborough:
Ine ndinafufuza nkhaniyi ndikufuna kugulira apongozi. Ndiwonjezere za ndalama, chifukwa mtengo wogulira ndi womwe umatinamiza. Pa holiday park kalavani imapatsidwa zaka zoti ikhale pamalopo, nthawi zambiri pakati pa 10 ndi 20 kuwerengera pomwe inali yatsopano. Zikatha amakuuzani mugule ina kapena muichotse, ndipo kuichotsa n'kolipira. Ndiye funsani kuti ya £19,000 imeneyo inapangidwa chaka chanji ndipo yatsala ndi zaka zingati. Mtengo wake umatsika ngati wa galimoto. Ndalama ya malo amaikweza motsatira kontrakiti yawo, palibe lamulo lapadera loigwira dzanja.

Chinanso ndi kuzizira. Makalavani a holiday ambiri amamangidwa pa mulingo wa EN 1647, wa nyengo yopuma. Nyumba zokhalamo chaka chonse zimatsatira BS 3632, makoma ake ndi okhuthala. Mphepo ya ku nyanja ya ku Lincolnshire mukuidziwa. Gasi wa m'mabotolo adzadya zomwe mukuti mwapulumutsa pa lendi.

Membala wobisa dzina:
Zikomo nonse, thupi lachita kuzizira. Nanga tikapeza park ya residential yeniyeni, pamenepo tingapume? Kapena nakonso ndi chimodzimodzi?

Mayi wa ku Leicester:
Kumeneko ndi kosiyana kwambiri, ngakhale dothi limakhalabe la mwini wake. Nyumba ndi yanu, malo mumachita lendi, ndalama yake amaitcha pitch fee. Koma mwini malo sangakuchotseni ndi kalata yake yokha. Ayenera kupita ku khoti, akaonetse kuti mwaphwanya pangano ndipo anakuchenjezani osasintha, kapena kuti simukhalamonso, kapena kuti nyumbayo yawonongeka mpaka ikuipitsa malo. Khoti liyeneranso kuona kuti kukuchotsaniko n'koyenera.

Pitch fee amaiunika kamodzi pa chaka, ndipo ayenera kukudziwitsani masiku 28 zisanachitike, pa fomu yovomerezeka ndi boma. Kuyambira July 2023 kukwerako kumayendera CPI, womwe ndi muyeso wa boma wa kukwera mitengo kwa zinthu. Kale kunkayendera muyeso wina, wa RPI, womwe nthawi zambiri umakhala pamwamba. Mukaona kuti wakweza mopyola, simukakamizidwa kuvomera. Mumapitiriza kulipira yakale, nkhani n'kupita ku First-tier Tribunal, bwalo loweruza mikangano yotere. Musasiye kulipira yakaleyo chifukwa cha mkwiyo, pamenepo ndi pomwe anthu amadzipereka okha.

Mukamagula kwa mwini park, ayenera kukupatsani chikalata cha mgwirizano masiku 28 musanasaine, kuti muwerenge mofatsa. Magetsi akamakugulitsani yekha, malamulo a Ofgem, bungwe loyang'anira za magetsi ndi gasi, samulola kuikapo phindu, koma gasi wa m'mabotolo ndi wa m'thanki sali m'lamulo limenelo. Sangalowenso pamalo panu mwachisawawa. Kupatula kuwerenga mita, kubweretsa makalata ndi zangozi, ayenera kulemba kalata masiku 14 asanabwere.

Chowawa chili pogulitsa. Mwini malo amatengapo mpaka 10% ya mtengo, ngakhale denga munakonza nokha. Anthu a m'ma park akhala akudandaula za 10% imeneyi kwa zaka zambiri. Chabwino chake n'choti kuyambira 2013 alibenso mphamvu yosankha kapena kukufunsirani mafunso wogula wanu.

Bambo wa ku Peterborough:
Koma achemwali, musanayambe kulota, werengani malamulo a park iliyonse. Ambiri mwa ma residential park amalandira a zaka 50 kupita m'tsogolo, ena 45 kapena 55, ndipo ana salola kukhalamo, amangobwera kudzacheza. Malamulowo amakasiyidwa ku khonsolo, mutha kuwapempha. Olola mabanja alipo koma ndi ochepa. Mitengo yakenso si ya £19,000, yambiri imayandikira ya nyumba yanjerwa yaing'ono. Mabanki sapereka mortgage (ngongole yogulira nyumba) wamba chifukwa malowo si anu, ndiye pamafunika ndalama m'manja kapena ngongole ya chiwongoladzanja chokwera. Ifetu apa ndi pomwe tinabwerera.

Mtsikana wa ku Glasgow:
Owerenga muli ku Scotland ndi ku Wales musatengere zonsezi, kuno malamulo ena ndi osiyana. Komanso amene mukungochita lendi kalavani ya munthu, osagula, Act ya 1983 ija sikukhudzani. Funsani a Shelter, bungwe lothandiza anthu pa nkhani za nyumba, musanapereke dipoziti.

Achimwene a ku Hull:
Chabwino ndamva. Komabe anthu akuthawira ku makalavani chifukwa malandilodi akutikama. Wina atiuzeko njira ina, osangoti ayi ayi.

Membala wobisa dzina:
Ndaimba ku khonsolo pa nthawi yopuma. Akuti layisensi ya park ija ndi ya holiday yokha. Ndawatumizira amuna anga zomwe mwalemba, ayankha kuti tikambirana madzulo, ndiye mundipempherere. Tsopano £500 yanga ija ndingaipeze bwanji? Ndinalipira pa khadi la ku banki, ndipo uthenga womwe wogulitsa analemba kuti titha kukhalamo chaka chonse ndili nawo pa WhatsApp.

Mayi wa ku Leicester:
Uthenga umenewo ujambuleni lero lomwe asanaufufute, musungenso risiti. Alembereni imelo, osaimba foni. Munene kuti munapereka ndalamayo chifukwa anakuuzani kuti mutha kukhalamo ngati kwanu, khonsolo yati sizololedwa, ndiye mukufuna ndalama yanu ibwere pofika tsiku lakuti. Akakana, pitani ku Citizens Advice, bungwe lopereka uphungu waulere, ndi mapepala onsewo, iwo amadziwitsanso a Trading Standards, ofesi ya khonsolo yoteteza ogula, za ogulitsa onamiza anthu, ndipo funsani ku banki yanu za chargeback, njira yobwezera ndalama zomwe munalipira pa khadi. Mukadzafunadi park ya residential m'tsogolo, a bungwe la LEASE (Leasehold Advisory Service) amapereka uphungu waulere pa nkhani za nyumba za pa park zimenezi. Abambowo akalimbikirabe za Loweruka, auzeni akapemphe wogulitsayo kuti alembe mu kontrakiti momwemo kuti banja lanu liloledwa kukhalamo ngati nyumba yanu yokhayo, asaine, adinde. Mudzatiuze zomwe adzayankhe.