Ulendo wa ku Lesotho kukaona sinowo pa Quantum, thandizeni nzeru

Bambo a Tadala: Akuluakulu mwaswera bwanji, ndapeza ntchito koma yandizunguza mutu. Banja lina la ku Randburg lomwe ndimawatengera ana ku sukulu likufuna ndiwapititse kukaona sinowo holide ya July ino, ndi anthu 11, ana alipo 5. Akuti Afriski, malo osewerera pa sinowo ku Lesotho. Ine ndili ndi minibasi yanga ija ya Toyota Quantum ya dizilo ndipo kumeneko sindinapondeko, moti mtengo sindinawauze. Amene munapitako ndiuzeni njira komanso ngati galimoto yangayi ingakwere.

Che Yusufu: Achimwene ntchito imeneyo ndi yabwino musaitaye. Njira ndi N3 mpaka Warden, mukhote kulowera Bethlehem, kenako R26 mpaka Fouriesburg, boda yake ndi Caledonspoort. Mukaoloka mufika Butha-Buthe ndiye muzingotsata A1. Tara ndi yonse mpaka kofika, koma pa Moteng Pass ndi pomwe pali nkhani, makona ake ndi othina ndipo chitunda chake sichitha msanga.

Mai a Chikondi: Musanayambe za msewu bambo, mwaona mapasipoti awo? Ine ndimagwira za mabukingi ndipo anthu ambiri amaiwala kuti Lesotho ndi dziko lina ngakhale lili mkati mwa Joni. Ngati pali mmodzi yemwe masiku ake anatha, akangofika pa boda amudinda kuti ndi undesirable, akapitirira ndi masiku osakwana 30 ndi chaka chimodzi osalowanso mu Joni, kupitirira apo ndi zaka 5. Taganizani munthu wasiya nyumba, ntchito ndi katundu ku Randburg chifukwa cha ulendo wa masiku awiri, ndipo inu ndi amene mwamufikitsa pa kauntala. Musamve za pakamwa zoti tonse tili bho, muone nokha tsamba lililonse ndi maso anu. Anawo atenge ma birth certificate osonyeza makolo onse awiri, ndipo ngati pali mwana yemwe akuyenda popanda kholo limodzi pakhale kalata ya chilolezo.

Bambo a Tadala: Eee mayi mwandikumbutsa, pali mtsikana wantchito yemwe akufuna kumutenga kuti aziona ana, ndi wa kwathu komwe. Ndimufunsa ndekha pambali mawa.

Madala Phiri: Mufunseni mwaulemu, mwina pamaso pa mabwana ake sanganene zoona. Tsono za inuyo mwana wanga, mukunyamula anthu olipira kudutsa boda ndiye pafunika pemiti ya C-BRTA, bungwe loona za magalimoto odutsa boda, PrDP yanu (chilolezo cha dalaivala chonyamulira anthu) ikhale yamoyo, mapepala a galimoto oyambirira, ndipo ngati Quantum ikadali pa ngongole ya banki mutenge kalata yawo yolola kuti ituluke. Imbiraninso a inshuwalansi muwafunse ngati Lesotho ili mkati. Ndalama musavutike kusintha, randi imayenda konse, loti, ndalama ya ku Lesotho, ndi randi mtengo ndi umodzi, kungoti chenji cha loti muchithere komweko chifukwa kuno sachilandira.

Che Yusufu: Madala anena zoona. Za galimoto ndinene mosabisa, Quantum imakoka ndi matayala a kumbuyo ndipo pa msewu wouma ikwera bwinobwino, vuto ndi madzi oundana pa tara omwe saoneka n'komwe, umangoona ngati msewu wanyowa. Ine chaka china ndinatsika mamawa kwambiri pofuna kufulumira, pa kona ina kumthunzi ndinangogunda buleki pang'ono galimoto inayamba kupita yokha cham'mbali, kumanzere kuli phompho, anthu onse zii. Mulungu yekha ndi amene anatigwira tsiku lija ndipo mpaka pano ndikakumbuka thupi limachita tsemwe. Chiyambire pamenepo sindikwera dzuwa lisanawombe msewu, ndipo potsika ndi giya 2, mwinanso 1, osakhalira pa buleki chifukwa imatentha n'kusiya kugwira.

Achimwene a ku Dedza: Ine ndimati bwanji osapita Sani Pass, mesa ndi komwe kuli malo omwera aja omwe amati ali pamalo okwera kwambiri mu Africa, makasitomala amakonda kujambulitsa pamenepo

Madala Phiri: Sani iwalani, pa boda ya kumunsi salola galimoto yomwe si 4x4 kukwera, komanso ndi kutali, mpaka mukazungulire ku Underberg. Ndi ana 5 ayi.

Mai a Chikondi: China, musawalonjeze kuti akaona sinowo ikugwa kuchokera kumwamba. Anthu akukumbukira ya pa 10 July 2023 ija inagwa mu Joburg muno ndiye akuganiza kuti ku mapiri imagwa tsiku lililonse. Ku Afriski nyengo yake ndi June mpaka August ndipo yambiri ya potsetserekapo amapanga ndi mashini, ana asewera ndithu koma mapiri ena onse atha kukhala a udzu wouma. Imbani foni kaye mumve ngati atsegula. Ndipo ikagwa yeniyeni yambiri ndi pomwe msewu umatsekedwa, mukukumbuka September 2024 anthu anagona m'magalimoto pa N3 cha ku Van Reenen. Pa quotation lembanipo kuti nyengo ikaipa dalaivala ndi amene agamule, ndipo tsiku loonjezera alipira iwo.

Achimwene a ku Dedza: Kuzizira kwake nanga? ife a ku Dedza timati tinazolowera

Che Yusufu: Ayi achimwene, ya ku Dedza ndi chiperoni chabe. Mahlasela Pass pafupi ndi Afriski ndi mamita 3,222, kuposa Sapitwa wa pa Mulanje yemwe ndi 3,002, mpweya ndi wochepa moti galimoto imafooka, ana enanso mutu umawawa. Usiku ndi pansi pa ziro. Mu radiator muike antifreeze osati madzi a pampopi, batire ikhale yamphamvu, thanki mudzadze ku Bethlehem kapena Fouriesburg. Mabulangete, fulasiki ya tiyi, buledi ndi chingwe chokokera zikhale m'galimoto. Matcheni a matayala ndili nawo ndikubwerekani, koma mubwere Loweruka likubwerali ku Rosettenville muphunzire kumanga, simungaphunzirire pa phiri zala zitauma.

Bambo a Tadala: Ndiye ndaganiza chonchi, sabata ya ulendoyo tinyamuka Lachisanu masana tikagone ku Clarens, Loweruka tioloke boda cha m'ma 8, tikwere dzuwa litatentha, 3 koloko tiyambe kutsika kusanade. Nyengo ikaipa ndiwazungulitsa ku paki ya Golden Gate pafupi ndi Clarens, mapiri a Maluti amaoneka ali oyera kuchokera mbali ya kuno.

Madala Phiri: Zili bwino. Pa mtengo muwerengere ma tollgate a N3, ya msewu pa boda, pogona panu ndi chakudya chanu, zisatuluke m'thumba mwanu.

Bambo a Tadala: Ndayankhula naye mtsikana uja, pasipoti yake masiku anatha kalekale ndipo amaopa kuwauza mabwana. Tagwirizana kuti atsala, ndawauza kuti mipando ndikufuna ina ya katundu wa ana. Che Yusufu Loweruka likubwerali ndifika cha m'ma 10, munditumizire location.