Mwana wadzuka maso atamatirira ndi manthongo, ndipange bwanji?

Abale, ndithandizeni nzeru. Mwana wanga wa zaka 6 anayamba kufiira diso lakumanzere dzana, lero alowa maso onse. Mmawa uno zikope zinamatirirana moti sanathe kuphethira mpaka nditamupukuta. Akuti mukumveka ngati muli mchenga, ndiye akungotikita. Thupi silikutentha, akuona bwinobwino, koma wakhala ndi chimfine kuyambira sabata yatha. Chikundisowetsa tulo n'chakuti ndili ndi khanda la masabata atatu. Wina wandiuza kuti ndimudonthezere wamkuluyo mkaka wa m'mawere m'maso koma mtima ukukana. Amene munakumana nazo, munatani?

Mayi wina: Pepani amayi. Mkakawo ayi, mkodzo ayi, madzi a mandimu ayi. Diso silichedwa kuwonongeka. Wiritsani madzi, azizire, munyowetse thonje n'kupukuta kuchokera kufupi ndi mphuno kupita kunja. Thonje limodzi diso limodzi, mukatero tayani. Kansalu koyera konyowetsa m'madzi ozizira kamachepetsa kuyabwa mukakaika pazikope atatsinzina.

Namwino: Poti zabwera limodzi ndi chimfine, kawirikawiri amakhala mavairasi. Otere amatulutsa misozi yambiri ndipo amatha okha pakadutsa masiku 7 mpaka 14. Mankhwala opha mabakiteriya sawachita kanthu. Koma ngati manthongowo ndi olimba, achikasu kapena obiriwira, ndipo akubweranso mukangopukuta, akhoza kukhala mabakiteriya, akamuone kuchipatala. Musagule mankhwala odontheza mwachisawawa chifukwa ena ali ndi mankhwala ochepetsa kutupa otchedwa steroid, ndipo amatha kukulitsa vuto ngati pali kachilonda m'diso. Akayamba kumva ululu kwambiri, kuopa kuwala, kuona mwachimbuuzi kapena zikope kutupa kwambiri, pitani tsiku lomwelo.

Za khandalo ndiye ndikutsindika. Mwana wosakwana masiku 28 akafiira diso kapena kutuluka mafinya, sitichizira kunyumba ngakhale pang'ono. Nyamulani nthawi yomweyo.

Bambo wina: Kwathu anayamba ndi mmodzi, sabata isanathe tonse anayi. Chinatipweteka ndi thaulo limodzi. Mpatseni lake, pilo wake, ndipo muzichapa zofunda pafupipafupi.

Mwini funso: Zikomo nonse. A namwino, nanga ndimuletse kuyang'ana mng'ono wake? Amamukonda kwambiri, amafuna azingokhala pambali pake.

Namwino: Kuyang'ana sikupatsira, mayi. Matendawa amafalikira kudzera m'manja, m'nsalu ndi m'malovu akamatsokomola kapena kuyetsemula. Amuone ali chapatali, koma asamupsompsone kapena kumugwira kumaso mpaka misozi ndi manthongo zitasiya. Inuyo ndi amene mukugwira onse awiri, ndiye mukamaliza kupukuta wamkuluyo sambani m'manja ndi sopo kwa masekondi 20 musananyamule khanda kapena kuyamwitsa.

Mwini funso: Ndamva. Manthongo ake ndi achikasu ndithu, ndawapukuta kachitatu kuyambira mmawa. Mawa ndimupititsa kuchipatala, ndipo usiku uno agona payekha.